Maso a Amalume ndi Satifiketi ya Mzime

4 Malichi

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu, alamu anga, ana ndi amalume. Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko? Ndasankha kulemba kalata chifukwa ndimakudziwani. Pa foni mumangoti "eya, eya" uku phazi lili pa makina, ndikangodula mwaiwala kale zimene ndimanena.

Nkhani yake ndi iyi. Mukudziwa kuti ku kampani kuno ntchito yanga ndi kuyesa mapulogalamu a pa foni amene anzanga apanga, kuona ngati sakuchita misala asanapite kwa makasitomala. Ndatopa nayo ntchito yomangofufuza zolakwa za ena. Ndiye ndayamba maphunziro a Loweruka a njira ina yogwirira ntchito, amaitcha ajailo. Dzinali lisakuopseni. Mfundo yake ndi yakuti ntchito yaikulu usaimeze yonse kamodzi. Umaidula tizidutswa, gulu n'kusankha timene lingamalize m'masabata awiri, n'kuonetsa mwini wake, kenako n'kutenganso tina. Wotsogolera gulu loterolo amamutcha sikalamu masitala, ndipo satifiketi yake ndi imene ndikuifuna. Ndikaipeza ndichoka pa kampando ka kuseri kwa chitseko kamene ndakhalapo chibwerereni.

Mayeso ake ali pawiri. Oyamba ndi mafunso a pa kompyuta, amenewo sindikuwaopa. Achiwiri umayenera kusonyeza kuti unatsogolerapo gulu la anthu enieni. Apa ndi pamene ndagwira njakata. Bwana wanga akuti sangapereke gulu kwa munthu wopanda satifiketi, pamene a satifiketiwo akuti sangaipereke kwa munthu wopanda gulu.

Ndiye ndinakumbukira zimene munadandaula tsiku lija, kuti mayunifolomu a kusukulu akuchedwa ndipo ahedi ayamba kukweza mawu. Mphunzitsi wathu akuti njirayi si ya makompyuta okha, ngakhale posoka imagwira. Bwanji shopu yathu ikhale gulu langa? Inu muthandizika, nanenso ndipeza poyeserera. Ndapatsira adalaivala a basi timapepala tomata tachikasu ndi pepala lofotokoza kagwiritsidwe kake.

Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze nkhani za kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Mzime


12 Malichi

Mzime mlongo wanga,

Kalata yako yafika pamodzi ndi timapepala tako. Tonse tili bwino, kupatula makina akale aja amene ayambanso kudumphitsa ulusi. Nditawawerengera amalume kalatayo, anafunsa ngati sikalamu masitala ndi mankhwala a chifuwa. Ndinati ayi, ndi udindo. Iwo anati, "Aa, kamwana kankalira ndikamakayeza kolala kaja, lero kakufuna udindo?" Koma ndinaona kuti zawakomera, chifukwa tsiku lonse ankasita akuimba.

Kunena zoona ndadabwa kuti wakumbukira shopu. Ndimayesa tauni inakumeza. Mtima wanga wasangalala kuti sukulu yako tsopano yayang'ana kwanu.

Zinthu zili chonchi. Ine ndili pa makina, mlamu wako ali pa tebulo lodulira, amalume ali pakona yawo ya pawindo ndi mabowo, mabatani ndi simbi. Sabata yatha ahedi anabweza mtolo wathunthu wa malaya. Batani ndi bowo lake sizikukumana, mwana akavala kolala ina ili pakhutu ina pachifuwa. Anandiuza m'maso muli gwa kuti akaonanso zotere, ntchito apereka kwa atelala a tsidya la msewu. Iwe ukudziwa kuti shopu ino yaima pa sukulu imeneyi. Zigamba za mathalauza sizingatidyetse.

Vuto ndi lakuti ndi amalume sindingalankhule. Munthu amene anatilera makolo atatisiya, amene anandigwiritsa lumo koyamba, ndikamuuze kuti batani lapendama? Pakamwa panga sipatseguka. Ndiye ngati ajailo wakoyo ali ndi pakamwa, abwere adzatilankhulire.

Za timapepalazi ndazisiya m'manja mwa mlamu wako, iye ndi amene ali ndi mutu wa zimenezi. Ukapeza mpata utigulireko singano za makina, kuno zachuluka zabodza zongothyoka pa nsalu ya kabudula.

Mchimwene wako


27 Malichi

Alamu anga,

Moni wa mafuta. Ana akupereka moni, akuti azakhali awo a makompyuta abwera liti. Achimwene anu akuti za bolodi ndi zanga, ndiye lipoti ndilemba ndine.

Bolodi lake ndi chitseko chakale cha kabati, tachipachika pafupi ndi windo. Ndajambula mizere itatu monga munanenera: ZOTI TICHITE, ZILI M'MANJA, ZATHA. Kapepala kalikonse ndi mtolo umodzi wa zovala, ndipo kamayenda kuchoka kwa ine kupita kwa achimwene anu, n'kuthera kwa amalume.

Msonkhano woimirira wa m'mawa uja munaulemba pa pepala lanu unavuta poyamba. Amalume anati, "Ine ndiimirire m'shopu mwanga momwe ngati mwana wochedwa kusukulu?" Ndinawauza kuti Mzime akuti tikakhala pansi nkhani zimatalika. Anati, "Ngati wanena ndi Mzime, chabwino," n'kudzuka simbi ili m'manja. Tsopano ndi amene amatiitana.

Mafunso atatu a pa pepala aja tikuwafunsa: dzulo ndinachita chiyani, lero ndichita chiyani, chikunditchinga n'chiyani. Achimwene anu pa lachitatulo amayankha kuti njala. Amalume amati palibe. Tsiku lililonse, palibe.

Koma alamu, bolodi lanuli lilibe ulemu. Timapepala timayenda bwinobwino, tikafika pa amalume timaima n'kuunjikana mpaka tina kumagwa pansi. Tonse tikuona, palibe akunena. Iwo eni ake bolodilo amaliyang'anira patali, sanayandikirepo n'kamodzi komwe.

Chabwino ndi chakuti masiketi tamaliza nthawi isanakwane, ndipo titakawaonetsa ahedi, anamwetulira mpaka tinaona dzino lawo la kumbali lija. Zithunzi za bolodi ndatumiza pa foni monga munapempha. Tsopano tichite chiyani ndi mulu wa pakona uja?

Mlamu wanu


2 Epulo

Achimwene ndi alamu,

Moni nonse. Zithunzi ndaziona, ndipo ndinakuwa mu ofesi mpaka anzanga kudzidzimuka. Alamu, inu ndi amene mukanayenera kulemba mayesowa. Mafunso a pa kompyuta ndikuwaloweza m'basi, pa nkhomaliro, ngakhale ndili pamzere ku banki. Mutu wadzaza.

Mulu wa pakonawo ndi umene timautcha chotchinga, ndipo mankhwala ake alipo. Masabata awiri akatha, gulu limachita msonkhano woyang'ana m'mbuyo. Mutseke shopu, mukhale pansi, aliyense anene chimene chayenda bwino ndi chimene chikumusautsa. Malamulo ake ndi awiri, ndipo muwawerenge mokweza musanayambe. Loyamba, palibe woimbidwa mlandu. Lachiwiri, zonenedwa m'chipindamo zimathera m'chipindamo. Popanda lamulo lachiwirili munthu sangatsegule mtima, ndipo mphunzitsi wathu amalibwereza mpaka kutopetsa. Muwauze amalume kuti ndalonjeza ndine.

Muyambe inu awiri kunena zanu, kuti iwo asaone ngati mwawatchera msampha. Mukatha mundilembere zonse mmene zayendera, osasiya kanthu. Ine ndi wa m'gulu lomwelo, kungoti mpando wanga uli kutali.

Singano ndagula, zikubwera ndi kalata ino.

Mzime


14 Epulo

Mzime,

Moni. Kalata iyi uwerengere pawekha, ukatha uibise.

Loweruka masana tinatseka chitseko n'kutsitsa katani. Mlamu wako anawerenga malamulo ako awiri mokweza ngati ali kutchalitchi. Anayamba ndi iyeyo, ndipo sanandinyengerere. Anati ine ndimalandira ntchito ya aliyense wondimwetulira osafunsa ngati tili ndi manja. Nane ndinati iye akakwiya amadula nsalu ngati yamulakwira ndi nsaluyo. Tinaseka, amalume nawo anaseka.

Kenako inafika nthawi yawo.  Anafunsa kuti, "Mwati zithera muno?" Tinati eya. Anafunsanso, "Walonjeza ndi Mzime?" Tinati eya, zili m'kalata.

Anatenga singano ndi ulusi pa tebulo nati, "Tandiyang'anani." Anakweza singano ija ku windo n'kuyamba kulowetsa ulusi. Mzime, ulusi unkadutsa pambali, kutali ndithu ndi singano. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenako anaika pansi nati, "Singano iyi sindikuiona, ana anga. Ndikungoigwira."

Akuti zinayamba chaka chatha ngati chifunga. Diso lakumanzere tsopano limangoona kuwala kwa windo basi, lakumanja likutsatira. Mabowo akhala akuyeza ndi zala. Kulawirira kuja timati n'kukonda ntchito, ankabwera kudzalimbana ndi singano ife tisanafike. Bolodi lako sanawerengepo chilembo n'chimodzi chomwe. Anati, "Ngakhale nkhope zanu ndimazidziwira mawu."

Ine munthu wamkulu ndinalira, sindikubisa. Ndakhala ndikuwakwiyira chamumtima, kumati ukalamba wawapatsa ulesi, pamene munthu akumira ali pafupi nane.

Chimene akuopa si khungu. Akuopa msewu uno. Anati, "Ndasoka pano anthu awa asanabadwe. Ndisadzakhale mdala uja ankasoka osaona. Komanso ndani angabweretse nsalu yake ku shopu ya telala wakhungu?" Anatigwira manja tonse awiri kuti asadziwe munthu, ngakhale ana athu.

Tapangana chonchi. M'mawa mlamu wako amalowetsa ulusi m'singano zambiri n'kuzibaya pa kapilo, ndipo pamene pakufunika batani amabayapo pini. Amalume amatsata mapiniwo ndi zala. Ukanaona mabatani ake! Ali pamzere ngati asilikali. Ajailo wako wagwira ntchito, mlongo wanga, ndipo ndikukuthokoza.

Tsopano pempho langa. Kuno dokotala wa maso kulibe, ndipo kufunsafunsa kungautse mphekesera. Tifunsire kumeneko, mwina ndi ng'ala yoti angathe kuichotsa. Ukapeza tsiku, tidzanena kuti amalume apita kukaona mwana wawo. Chonde usachedwe, diso latsalalo silikudikira.

Mchimwene wako


6 Meyi

Alamu,

Moni. Kodi muli bwino? Kalata ya achimwene anu inafika? Adalaivala akulumbira kuti anakupatsani pamanja. Tikaimba foni mumangotumiza uthenga wakuti muli m'kalasi. Tikumvetsa kuti mayeso ayandikira, sitikukuimbani mlandu.

Kungoti amalume basi ikangolira amafunsa ngati pali kalata. Amafunsa ngati akufunsa za nyengo, koma simbi amaiimika mpaka nditayankha. Dzulo anapsa pa chala, akuti sanaone pamene ndinaiika simbiyo.

Malaya onse ahedi alandira, sanabweze ngakhale amodzi. Akuti teremu ya mawa atipatsanso ndi zovala za masewera.

Ngakhale mzere umodzi wokha, alamu, wonena za dokotala.

Mlamu wanu


20 Meyi

Achimwene anga okondedwa, alamu, nonse,

Ndakhoza! Ndakhoza, ndipo osati mokwawa ayi. Ndine sikalamu masitala, satifiketi ili pa tebulo langa pano ndikulemba. Pepani ndinakhala chete, masabata amenewa ndinali ngati wamisala.

Mafunso a pa kompyuta anali madzi akumwa. Gawo lachiwiri linachitikira mu holo, otiyesa atakhala kutsogolo, kumbuyo ophunzira anzathu ndi mabwana a makampani odzafuna antchito. Aliyense amaimirira n'kufotokoza za gulu lake. Anzanga onse anakamba za mapulogalamu, anthu mpaka kuyasamula. Ine nditangoonetsa chithunzi cha chitseko cha kabati chija, holo yonse inadzuka. Ndinafotokoza za timapepala tounjikana, za msonkhano woyang'ana m'mbuyo, ndi mmene chotchinga chenicheni chinatulukira. Mmodzi wa otiyesa anati pa zaka zake zonse sanamvepo chitsanzo chogwira mtima chotere. Mphunzitsi wathu waika kanema wake pa tsamba la pa intaneti la sukulu yathu kuti ena aphunzirepo, ndipo anthu akugawana kwambiri. Musadandaule, sindinatchule dzina la munthu aliyense.

Bwana wanga, yemwe uja ankakana, wandipatsa gulu langalanga kuyambira mwezi wa mawa. Desiki yanga tsopano ili pakati, pansi pa fani.

Za dokotala sindinaiwale, ndifunsa sabata ya mawa mutu ukapepuka. Muwauze amalume kuti satifiketi iyi ndi yawonso.

Wanu wosangalala,
Mzime


29 Meyi

Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Za umoyo wathu usafunse.

Kalata yako inapeza nkhani itafika kale. Lachitatu ahedi analowa m'shopu foni ili m'manja. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira za makompyuta ngati iwe, anawatumizira kanema n'kufunsa kuti, kodi iyi si shopu ya mayunifolomu athu? Ahediwo anaima pakati pa shopu, amalume ali pakona pawo ndi batani m'manja, nati, "Atelala, bwanji simunandiuze kuti achikulirewa saona?" Sananene mwachipongwe. Ananena mwachisoni, mokweza, mmene anthu amalankhulira pamaso pa munthu amene akuganiza kuti samvanso.

Ndauonera kanema wako. Ukuti sunatchule dzina. Chithunzi cha bolodi chikuonetsa windo lathu, ndipo pa galasi pali dzina la shopu limene ndinalemba ndekha ndi penti. Malaya a sukulu ali pa hang'ala ndi baji yake. Unati "wantchito wachikulire amene amasoka mabatani." Mzime, m'shopu muno achikulire osoka mabatani alipo angati? Ndipo wantchito? Amalume ndi wantchito?

Chimene chandilasa ndi china. Unakweza dzanja m'mwamba ngati wagwira singano, n'kutsinzina diso limodzi, n'kumaphonya. Zimene ndinakulembera ndikulira, iwe unakazichita sewero. Holo inaseka. Kenako unaika nkhope yachisoni, n'kunena kuti gulu limayenda anthu akamakhulupirirana, iwo n'kuwomba m'manja.

Lamulo lachiwiri analibweretsa ndani m'nyumba muno? Ife sitinkalidziwa. Unalilemba ndi dzanja lako, ife n'kuliwerenga mokweza ngati zitsiru. Amalume anafunsa kawiri, ndipo chimene chinawatsegula pakamwa ndi dzina lako. Ine ndimati mlongo wanga wakumbukira kwawo, osadziwa kuti ukusaka nkhani yokakometsera mayeso. Watidyera masuku pamutu.

Makolo a ana auona kanemayo, ndipo komiti ya sukulu yati ntchito ya teremu ya mawa ipite tsidya la msewu. Malaya abwino aja awaiwala, akuti sangalipire zosoka mopapasa. Zimenezo ndingapirire, ntchito ndidzafuna ina. Koma dzulo mmodzi wa atelala a tsidyalo anakumana ndi amalume pa mpopi, n'kuwagwedezera dzanja kumaso nati, "Zala zingati izi, madala?" Anthu anaseka. Amalume anabwerera opanda madzi, ndipo lero sanabwere ku shopu. Chiyambire ine kukumbukira, mpando wa pawindo sunakhalepo wopanda munthu tsiku la ntchito.

Bolodi ndalichotsa. Nthawi yokonza sewero unali nayo, yofunsa dokotala unalibe.

Usandiimbire foni, ndingakuyankhe zimene sindidzatha kubweza.

Mchimwene wako


3 Juni

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga. Sindinkafuna kuti zifike pamenepa, Mulungu akudziwa.

Koma nanunso mundimvetse. Ndinakuuzani m'kalata yoyamba yomwe kuti izi ndi za mayeso, sindinabise. Kodi ndikanafotokoza bwanji za gulu osanena chimene chinalitchinga? Otiyesa amafuna chenicheni. Anthu a mu holomo sadziwa kwathu, ndipo sindinaganize kuti kanema angayende mpaka kufika mumsewu wathu. Dzina la pa windo sindinalione, chithunzicho ndinkangoyang'ana timapepala. Kuseka kuja sikunali kuwaseka amalume. Mphunzitsi amati omvera uyambe wawaseketsa kuti mfundo ilowe, ndipo pomaliza ambiri anagwetsa misozi. Mayi wina anandiuza kuti akupita kukawayezetsa maso bambo ake chifukwa cha nkhaniyo.

Ndakawachonderera a sukulu ndipo kanemayo amuchotsa. Dokotala ndamupeza, akuti mmene ndafotokozeramo zikuoneka ngati ng'ala, ndipo angawaone pa 18 mwezi uno. Ndibwera ndekha kudzawatenga, adzagona kwanga. Ahedi ndiwalembera kalata, ndiwafotokozera kuti njira ya mapini ikuyenda bwino.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Ndikabwera, tidzatseke shopu tonse anayi tichite msonkhano woyang'ana m'mbuyo pa nkhani imeneyi. Aliyense adzanene zakukhosi popanda woimbidwa mlandu, tione chimene tingaphunzirepo. Ndi mmene timachitira kuno zinthu zikalakwika, ndipo zimathandiza.

Ndine mlongo wanu yemwe uja,
Mzime


13 Juni

Alamu,

Moni. Achimwene anu kalata yanu anaiwerenga mpaka pamene mwatchula msonkhano, kenako anaipinda n'kutuluka panja. Akuti ndiyankhe ndine. Ine ndi amene ndinkakonda njira yanu kuposa onse, ndi amene ndinawerenga lamulo lija mokweza, ndipo zithunzi ndinajambula ndi manja angawa. Ndiye musayembekezere kuti ndikufewetserani.

Ahedi musawalembere. Mwalankhula kokwanira za nyumba ino.

Kanema mwati amuchotsa, koma kuno ali m'foni ya aliyense, mpaka mayi wogulitsa makala. Lamlungu amalume anandiitana kuchipinda kwawo nati, "Mwana wanga, tandiikira zija akunenazi, ndimve ndekha." Ndinakana, iwo anaumirira. Poti m'foni yanga munalibe, ndinabwereka ya aneba n'kuwaikira. Anakhala pa bedi, foni ili pakhutu. Atamva mawu anu anamwetulira, alamu. Anati, "Akulankhula bwino mwanayu." Kenako panafika pamene simulankhula, pamene holo imangoseka. Anafunsa kuti, "Apa akutani?" Ndinati palibe. Anati, "Usandinamize, anthu saseka palibe." Ndinawauza. Anamvetsera mpaka kumapeto, mpaka kuwomba m'manja kutatha, n'kundibwezera foni nati ndikathokoze aneba.

Sanatukwane, sanalire. Ine ndikanakonda akanatukwana.

Ku shopu sanabwererenso. Ndimawatengera mabatani kunyumba, amasokera pa khonde la kuseri kumene sikudutsa anthu. Kale ankatiuza chilichonse, bondo likawawa, akalota zoipa. Tsopano ngakhale ife tikafunsa amangoti zonse zili bwino. Dzana ndinapeza chala chija chatupa, anachibisa sabata yathunthu. Ichi ndi chimene mwatilanda, ndipo kuchotsa kanema sikungachibweze.

Kwa dokotala apita, chifukwa achimwene anu awagwadira. Koma apita ndi achimwene anuwo, ndipo adzagona ku nyumba ya alendo pafupi ndi chipatala. Mutumize dzina la dokotala ndi nthawi yake kudzera kwa adalaivala. Musadzabwere ku depoti. Ndinawafunsa ngati angalole kuti mudzawagwire dzanja powoloka misewu ya kumeneko, anati dzanja la mphwawo wamwamuna likwanira.

Kuno ndi kwanu, palibe angakuletseni kubwera. Ndidzakuyalirani, ndidzakuphikirani, ana adzakuthamangirani. Tidzacheza za mvula ndi za mitengo ya nsalu. Shopu sitidzatseka.

Ndisanamate envelopu ndinapita kukawafunsa amalume ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ndinawapeza batani lili m'manja. Akuti ndikuuzeni kuti mwachita bwino kukhoza mayeso, ndipo iwo ali bwino. Akuti kuyambira lero mukafunsa za iwo, yankho lidzakhala lomwelo.

Mlamu wanu